Ba Ticha, Ba Sisita ndi Mayina a pa Foni

Loweruka lina mwana wa mlongo wanga anandiimika pakhomo ndisanakhale n'komwe pansi. "Amalume, mundijambuleko apa pa chipupa choyera, dzuwa lisanapendeke." Kumtunda anavala jekete yakuda ya salaula, yosita bwino, ndi bulauzi yoyera. Kumunsi chitenje chosesera pabwalo ndi mapatapata. Nditafunsa ngati mapatapatawo alowe nawo m'chithunzi, anaseka: "Mulekezere pachifuwa, a ku LinkedIn saona miyendo." Pofika madzulo chithunzi chinali chitakwera pa intaneti. Pansi pake panali dzina lake lonse, kutsogolo kwa dzinalo tizilembo ta Eng., kenako mizere iwiri ya Chingerezi yonena kuti mwini nkhopeyi ndi injiniya wa misewu ndi ngalande, wokonzeka kugwira ntchito kulikonse. Anthu a ku Kitwe, a ku Gaborone, wina wa ku Leeds, anayamba kumuyamikira usiku womwewo. Amayi a nyumba yoyandikana nafe, amene anamubereka kumsana ali khanda, sadziwa kuti zimenezi zinachitika.

Chipupa chimenecho ndi cha nyumba imene ndinakuliramo, imodzi mwa tinyumba timene khonsolo ya Lusaka inayamba kumanga ku Matero kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1950, boma la atsamunda litavomera monyinyirika kuti munthu wakuda wogwira ntchito m'tauni azikhala ndi mkazi ndi ana ake. Tinkalipira lendi ku khonsolo mpaka 1996, pamene boma la Frederick Chiluba linagulitsa nyumbazi kwa okhalamo. Pa mzere wathu panali anthu atatu amene mayina awo enieni ndinawamva koyamba pa maliro awo, mbiri ikuwerengedwa kumanda ku Chingwere. Tonse, ana ndi akulu omwe, tinkangoti ba Ticha, ba Sisita ndi ba Kalaliki. Kumudzi kwa makolo athu ku Chipata akanati aTicha, koma ulemu wa mu Lusaka umayenda ndi "ba".

Ba Ticha analibe digiri. Analekezera Sitandade 6, n'kupita kukaphunzira uphunzitsi ku Chalimbana. Koma pamene dziko linkalandira ufulu mu 1964, Zambia yense, ndi anthu ake opitirira 3 miliyoni, anali ndi nzika za digiri pafupifupi 100 zokha, kotero munthu wa Sitandade 6 wodziwa kumanga tayi anali nyali ya mzere wonse. Ntchito yawo yolembedwa inali ya m'kalasi. Yosalembedwa inkayamba akangofika panyumba n'kupachika jekete. Pakhonde pankakhala kale anthu, wina ndi kalata yochokera ku migodi, wina ndi telegalamu imene akuopa kuitsegula, wina ndi fomu ya reji ya mwana wake, gogo wina ndi pepala la penshoni limene lakhala miyezi itatu pansi pa mphasa. "Ba Ticha, nibelengeleniko," ndipo iwo ankavala magalasi, kutsokomola kamodzi, n'kuwerenga motsitsa mawu kuti ife ana, amene tinkanamizira kusewera pafupi, tisamve. Ankadziwa amene ali ndi ngongole ya kaloba, amene anasiya mkazi kumudzi, amene mwana wake wamangidwa ku Ndola. Zaka zonsezo sipanatuluke ngakhale kamodzi nkhani imene inalowa pakhonde limenelo. Ndikuganiza kuti dzina lawo linamangidwa ndi kutseka pakamwa kumeneko kuposa ndi choko.

Ba Sisita ankagwira ntchito ku kiliniki, koma zenera la chipinda chawo linkagogodedwa usiku kuposa chitseko cha kilinikiyo. Mwana akatentha thupi, mayi akayamba kumva zowawa za kubereka galimoto palibe, munthu akadzicheka ndi lata, ankatumidwa ndi ife anyamata. Ankatuluka atamanga chitenje pamwamba pa chovala chogonera, tochi m'manja, akukalipa njira yonse kuti bwanji mwachedwa kundiitana. Malipiro ake anali mbale ya nsawa zochokera kumudzi, nthawi zina nkhuku ya Khirisimasi, kawirikawiri zikomo basi. Ba Kalaliki, wa ku ofesi ina ya boma, anali ndi taipi yakale m'nyumba, ndipo theka la makalata ofunsira ntchito a achinyamata a dera lathu linatuluka m'makina amenewo.

Palibe mmodzi mwa atatuwa amene anadzitcha yekha. Dzina linkachokera kwa anthu amene akuona ntchito yako ndi maso, ndipo linali ngongole: ukalilandira, usiku wako ndi Sande lako sizinalinso zako. Linkathanso kulandidwa. Panali mphunzitsi wina kumunsi kwa msika, wa maphunziro oposa a ba Ticha, amene malipiro ake ankathera ku thaveni tsiku lachitatu. Ameneyo ngakhale ana ankamutchula ndi dzina la mowa umene ankakonda, satifiketi zake zili chipachikire pachipupa.

Anthu ophunzirawa ankafunanso anzawo oti azilankhula nawo za ntchito, ndipo ankapezana ndi miyendo. Aphunzitsi ankakumana pa misonkhano ya bungwe lawo la ZNUT ndi pa mzere wolandira malipiro. Mwezi ukatha, makalaliki, aphunzitsi ndi othandiza madokotala ankazungulira tebulo limodzi la mabotolo a Mosi, Times of Zambia imodzi ikuyenda kuchoka m'manja kupita m'manja mpaka kufewa ngati nsanza. Wofuna kumveka kunja kwa Matero ankalembera mkonzi wa nyuzipepala, kawirikawiri ndi dzina lobisika, n'kudikira milungu iwiri kapena itatu. Kalata ikatuluka ankaidula ndi lezala n'kuisunga m'Baibulo. Odziwa Chinyanja chokha anali ndi nyuzipepala yawo ya Tsopano. Madzulo, onse awiri, wa tayi ndi wa ovolosi, ankakhala chete pa wailesi imodzi kumvera Julius Chongo akusimba nkhani za Pocheza m'Madzulo, ndipo m'mawa ankakambirana nkhani yomweyo pa sitesheni ya basi. Ku tchalitchi mlembi ndi msungichuma ankadziwika chisankho chisanachitike.

Chaka cha 1966 chinasintha kawerengedwe kathu ka maphunziro. Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa, ndipo chaka chomwecho abale achikatolika a chipani cha Marianist anayambitsa sukulu ya Matero Boys. Njira yochoka pa mzere wathu kukafika ku Great East Road, kumene kuli yunivesiteyo, inaoneka ndi maso. Ndikukumbukira tsiku limene mnyamata woyamba wa pa mzerewu anavala mkanjo wa digiri. Amayi anayala zitenje pansi kuyambira pamsewu, nthungululu zinamveka mpaka ku Lilanda, tinadya mpunga ndi nkhuku ngati ukwati. Chithunzi chake akugwirana chanza ndi Kenneth Kaunda, amene anali mkulu wa yunivesiteyo, chinaikidwa m'feremu pamwamba pa kabati ya magalasi, pakati pa mbale zosadyera ndi maluwa apulasitiki. Imeneyo ndiyo inali LinkedIn ya masiku amenewo: chithunzi chimodzi moyo wonse, ndipo kuti uchione unkayenera kuodira, kuvula nsapato ndi kupatsidwa mpando.

Koma tsabola wakale sawawa, ndiye ndiyenera kudzikumbutsa dala mmene ankawawira. Mnyamata wa chithunzi uja sanathe chaka ku Matero. Kampani inamupatsa nyumba kumayadi, cha ku Woodlands, n'kulowa m'gulu la apamwamba. Ankabwera pa maliro okha, galimoto n'kuiimika patali ndi matope. Digiri kwa ambiri inali tikiti yotulukira m'komboni, ndipo mabwalo a anthu ophunzira kwambiri, makalabu a m'tauni ndi misonkhano ya m'mahotela ya maloya kapena akatswiri a chuma, analibe khomo loti mwana wa wolondera alowerepo. Ntchito zinkayenda m'makutu. "Wako ni wako" si mawu a dzana. Ine ndinamaliza maphunziro owerengera ndalama ndili ndi mapepala abwino, ndinayenda Cairo Road yonse ndi envulopu yakhaki mpaka nsapato kuboola, ndipo ku kampani ina ndinauzidwa kuti malo atsekedwa, mlungu wotsatira n'kumva kuti walowapo mlamu wa bwana amene tinkamuphunzitsa masamu m'kalasi. Akazi ophunzira nawonso analibe mpando pa tebulo la Mosi lija. Mkazi wopezeka pamenepo ankatuluka ndi dzina lina. Ndipo m'nthawi ya chipani chimodzi, kuyambira 1973 mpaka 1991, makambirano ankatsika mawu pakalowa nkhope yachilendo, poopa mashushushu, akazitape a boma. Mu 1976 yunivesite inatsekedwa pa mkangano wa nkhondo ya ku Angola, ophunzira ndi aphunzitsi ena n'kutsekeredwa. Munthu wanzeru ankadziwa pothera chiganizo.

Zaka za m'ma 1990 zinamwaza gulu lonselo ngati nkhuku zoona kabawi. Zambia Airways inatsekedwa mu Disembala 1994, mabasi a UBZ anatsatira mu 1995, makampani a boma anagulitsidwa, ndipo makalaliki amene ankamanga tayi anatsegula tuntemba. Aphunzitsi a ku yunivesite ndi a kusekondale anawolokera ku Botswana, Namibia ndi South Africa, anamwino n'kulunjika ku Britain. Chodabwitsa n'chakuti chaka chomwecho cha 1994 ndi chimene ZAMNET, yobadwira ku yunivesite yomweyo, inalumikiza Zambia ku intaneti, dziko lathu n'kukhala limodzi mwa oyamba mu Africa. Chingwe chinafika pamene oti achigwire anali kunyamula zikwama. Ife a ku Matero tinaiona intaneti mochedwa, m'timashopu ta m'tauni tolipira pa mphindi, momwe munthu ankatsegula adiresi ya Yahoo, kulemba mizere itatu kwa mnzake wa ku Manchester, nthawi n'kutha tsamba lisanatseguke.

Lero zonse zili m'thumba. Foni yanga ili ndi magulu a WhatsApp amene sinditha kuwawerenga: la amene tinamaliza nawo sekondale, la a ku koleji, la owerengera ndalama, la tchalitchi, la maliro amene anachitika chaka chatha koma gulu silinatsekedwe. Ndisanyoze. M'gulu la ntchito yathu, lamulo la msonkho likasintha wina amatumiza pepala lake tsiku lomwelo, ndipo mnyamata amene wangoyamba ntchito ku Mansa amafunsa funso n'kuyankhidwa ndi munthu wa zaka makumi atatu pa ntchitoyi, amene kale sakanaloledwa ngakhale kugogoda pa ofesi yake. Aphunzitsi amagawana mapulani a maphunziro ndi mapepala a mayeso akale. Mu 2022, boma litalemba ntchito aphunzitsi opitirira 30,000 ndi a zaumoyo opitirira 11,000, mndandanda wa mayina unayenda m'mafoni mofulumira kuposa nyuzipepala. Ndinamva kukuwa kuseri kwa mpanda, mtsikana wina atapeza dzina lake pa kafoni kosweka galasi, mnzake wa m'gulu atamujambulira mzere wake.

Kolera itavuta kumayambiriro kwa 2024, bwalo la National Heroes, pafupi ndi ife pano, litasanduka chipatala ndipo masukulu atachedwa kutsegulidwa, ndinaona madokotala achinyamata akulemba pa Facebook za kuthira klorini m'madzi ndi kufulumira kupita kuchipatala, ena mpaka m'Chinyanja. Ba Sisita akanakhala moyo akanawakonda anawo, ngakhale akanawakalipira kaye. Aphunzitsi a m'mayunivesite nawo sadikiranso mkonzi. Katswiri wa mbiri yakale Sishuwa Sishuwa akalemba maganizo ake pa X, imene inkatchedwa Twitter mpaka 2023, omuvomera ndi omutukwana amakhala atasonkhana tiyi asanazizire. Wofufuza wachinyamata amaika pepala lake pa ResearchGate, n'kumayang'ana pa Google Scholar kuti ndi angati amutchula, monga mlimi ayendera dimba m'mawa uliwonse. Mwana wa ku George kapena ku Chawama atha kulembera pulofesa wa ku Cape Town popanda womudziwitsa. Khomo limene ine ndinalisowa ndi envulopu yanga yakhaki, ana awa alipeza, ngakhale ndi lopapatiza ndipo limadya mabando.

Magulu amenewa ali ndi unyakwawa wake. Admini ndi mfumu yosavekedwa: amalowetsa, amachenjeza, amachotsa. Maliro akagwa, mndandanda wa zopereka umatuluka, dzina lililonse ndi ndalama yake pambali, ndipo amene sanatumize pa Airtel Money kapena pa MoMo amaonekera poyera kuposa mmene ankaonekera kale amene sanabwere kudzagona pa siwa. Ku gulu lathu la kusekondale tinasonkha zogulira mnzathu mankhwala, anthu a m'mayiko anayi, masiku awiri okha. Gulu lomwelo linatsala pang'ono kusweka pa chisankho cha 2021, ndipo linapuma pokhapokha pa 12 Ogasiti, tsiku lovota, WhatsApp ndi Facebook zitatsekedwa m'dziko lonse. Achinyamata anazemba ndi VPN. Ife akulu tinatuluka panja n'kupeza kuti anansi athu akadalipo.

Mashushushu nawo sanafe, angosintha malaya. Kale unkaopa mlendo wa pa tebulo loyandikana. Lero umaopa mnzako wa m'gulu amene angajambule zimene walemba n'kuzitumiza kwa bwana wako. Chiyambire lamulo la milandu ya pa intaneti la 2021, ndi ena amene analowa m'malo mwake mu 2025, ogwira ntchito m'boma ambiri amene ndimawadziwa amangoika kachala kovomereza, kapena kulemba "noted", maganizo awo enieni n'kuwasungira pa maliro, kuseri kwa tenti.

Chimene chimandivuta ndi mayina. Pa intaneti aliyense ndi wodzibatiza. Wina ndi Dr. wa digiri yaulemu yochokera ku sukulu imene palibe anaionapo chipata chake. Wina ndi mwini komanso woyambitsa kampani, kampaniyo ili laputopu imodzi ndi chidindo. Msonkhano uliwonse wa pa Zoom umabala satifiketi, satifiketi iliyonse imabala chithunzi, chithunzi chilichonse chimayamba ndi mawu a kudzichepetsa amene sindinaonepo odzichepetsa akuwalemba. Akuluakulu ankati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Nditamuuza zimenezi mwana wa mlongo wanga, sanaseke.

"Amalume, inu munali ochepa, ntchito inkakusakani. Ife m'kalasi mwathu mokha tinali angati? Ndikakhala chete ndani adzadziwa kuti ku Matero kuli injiniya? Ndalama ya ku Engineering Institution of Zambia ndalipira ndi ya vitumbuwa vya amayi. Ndibise?"

Ndinasowa choyankha, chifukwa akunena zoona, kupatula poti ntchito inkatisaka. Ba Ticha sankafunika kudziimbira ng'oma poti m'dera lonse munali iwo okha. Mtsikanayu ali pakati pa zikwi, zaka ziwiri chimalizireni maphunziro, ndipo chida chake ndi foni imene amaitchaja kwa mnzake wa sola magetsi akapita maola ambirimbiri, monga ankachitira mu 2024 madzi atachepa ku Kariba. Ndamuonapo atakhala pa chitini cha penti kuseri kwa nyumba, pomwe netiweki imagwira, akumvetsera mainjiniya a ku Nairobi akukambirana za madzi osefukira m'mizinda, tambala wa aneba akulira kumbuyo, iye chala chili pa batani lotseka mawu. Kulimba mtima kumeneko ine ndinalibe.

Komabe anzake onse ali kutali, ndipo zonse zili m'Chingerezi. Anthu mazana amene amamudziwa ngati injiniya sanaonepo ngalande imene iye anakumba. Anthu amene amamuona tsiku ndi tsiku akutunga madzi amangodziwa kuti ndi mwana uja anapita ku yunivesite koma akadali pakhomo. Amayi ake enieni, mlongo wanga, amamufunsa kuti anthu a m'foniwo adzamulemba liti ntchito, poti akumuyamikira chotere. Makalata oti awerengere anthu kulibenso. Amene amabwera pakhonde masiku ano ndi agogo oiwala nambala yachinsinsi ya ndalama za pafoni, ndipo amapita kwa mwana aliyense amene ali pafupi, wa digiri kapena wa Giredi 7.

Mvula ya mu Januwale inagwa usiku wonse, madzi n'kulowa m'nyumba zinayi za kumunsi kwa mzere wathu, monga amachitira chaka ndi chaka chitsekereni anthu njira yake ndi mipanda ya njerwa. M'mawa ndinamupeza mtsikanayu ali m'majombo a malemu bambo ake, akuyenda ndi chingwe ndi kapaipi koonekera mkati kodzaza madzi, akuyeza kutsetsereka kwa nthaka kuchoka pa mpanda wina kufika pa wina. Anakangana ndi bambo wina amene sankafuna kuti pansi pa geti yake pabooledwe, anamujambulira pansi ndi kamtengo mpaka bamboyo anakatenga yekha piki. Anyamata asanu ndi mmodzi anakumba masiku atatu, malipiro awo nsima ndi kapenta zimene amayi a nyumba zinayi zija anasonkha. Mvula yotsatira madzi anadutsa n'kukagwera mu ngalande yaikulu ya kumsewu.

Zithunzi anaziika pa LinkedIn, inde, ndi Chingerezi chambiri. Koma mlungu watha ndili pakhonde ndinamva amayi a nyumba yoyandikana aja akuitana pa mpanda, chimbudzi chawo chitayamba kutitimira mbali imodzi: "Ba Ngalande baliko? Bauzeni babwere baoneko kuno." Mtsikanayo anatuluka m'nyumba nkhope itakwinyika, akung'ung'udza kuti zaka zisanu za ku yunivesite si zoti munthu azitchedwa ngalande, n'kumafunafuna majombo aja pansi pa bedi.